Tayala Lachiwiri pa Mlatho

Besi ananyamuka mochedwa usiku umenewo, ndipo chimene chinamuchedwetsa si china ayi koma kutama galimoto.

Dzina lakuti Besi anam'patsa anzake a m'kwaya, chifukwa mawu ake akatsika pansi mabenchi a m'tchalitchi ankachita kunjenjemera. Anali mnyamata wa mtima wabwino, wosamwa, wosasuta, wofika msanga pa mapemphero. Koma munthu aliyense ali ndi kafano kake, ndipo kafano ka Besi kanali ndi matayala anayi. Kanali kagalimoto kofiira, kaja kopanda mchira kotsegula chitseko kumbuyo. Anakatcha dzina lakuti Kachule.

Madzulo a Loweruka, achinyamata a timagalimoto totere ankakumana pamalo otsukira galimoto. Ankandandalika timagalimoto tawo, zitseko zakumbuyo zili yasaa kumwamba, aliyense akuyamikira kake.

"Tanuti ndikhoza kutsuka ndi kapu imodzi ya madzi," anatero wotsuka galimoto, akufinya nsanza. "Mugule zenizeni, anyamata inu."

"Zenizenizo zimadya ngati maliro," Besi anayankha. "Kachule mafuta sikamwa, kamangonunkhiza. Azibambo a zimagalimoto zazikulu akamazungulira kusaka poimika, ine ndimakhala nditalowa kale pakati pa mtengo ndi khoma. Ukapinda mipando, matiresi amalowa, zida za kwaya zimalowa, ngakhale apongozi alowa ndi mitolo yawo!"

Onse anafa nacho chiseko. Ndipo iye anawaitanira kumbuyo kuti aone chatsopano: chibokosi cha sipika, chakuda bii, chodzaza buti yonse. Atatsegula nyimbo, madzi a m'ndowa anayamba kuvina okha.

Mtsikana wina, wa kagalimoto kabuluu kotalikirapo kumbuyo, anasuzumira pansi pa bokosilo. "Nanga tayala la sipeya waika pati, Besi?"

"Ndinasinthanitsa ndi bokosili. Sipeya ndi ya anthu a chikhulupiriro chochepa."

Abale anga, kukhulupirira Mulungu ndi kumuyesa ndi zinthu ziwiri zosiyana, koma mnyamata wa galimoto yatsopano sazisiyanitsa.

Masana a tsiku lomwelo mlongo wake wamkulu anali atamuuza kuti asapite kutali, popeza msana unkamuwawa. Anali woyembekezera, masiku atakwana. Adokotala anali atachenjeza kuti mwana wakhala mopingasa, ndipo zivute zitani asayerekeze kuchirira pakhomo. Mwamuna wake, woyendetsa magalimoto a katundu, anali kutali pa ulendo. Panyumba panali mayiyo ndi apongozi ake okalamba basi, ndipo galimoto m'banja monsemo inali imodzi yokha, Kachule.

Foni inalira kangapo m'thumba, koma sipika inameza kulirako. Pamene Besi anaitulutsa, mdima unali utakhwima kale.

"Achimwene, muli kuti?" Mawu a mlongo wake ankadukaduka. "Nthawi yakwana... bwerani."

"Musadandaule, achemwali. Kachule sikanandigwiritsepo mwala. Valani nsapato, ndafika kale."

Anatuluka m'tauni ali ndi mtima wonse. Nyumba ya mlongo wakeyo inali kutsidya kwa mtsinje: umadutsa manda, n'kuwoloka mlatho, n'kupitirira pomwetsera mafuta. Magetsi a m'misewu anatha. Nyumba zinatha. Kachule kankathamanga ngati kakudziwa.

Phuu!

Chiwongolero chinakokera kumanzere. Besi anaima, natuluka, naunika ndi foni. Tayala lakutsogolo linali litagona pansi, chimsomali chili njo. Anayesa kuyenda choncho, koma kagalimoto anali atakatsitsa kuti kazioneka bwino, ndipo mimba yake inayamba kukwekwesa msewu. Anaimbira anzake aja. Palibe anayankha, kumeneko nyimbo zinali zikugundabe. Ataimba kachitatu, foni inathima.

Anatsegula kumbuyo mwa chizolowezi. Chibokosi chija chinangomuyang'ana.

Koma Besi sanali munthu wokhala pansi n'kumalira. Jeki ndi sipanala zinali pansi pa mpando. Anakweza galimoto, namasula manati, nachotsa tayala. Pomwetsera mafuta paja pankakhala womata matayala. "Ndikafulumira ndim'peza," anadziuza, nayamba kugubuduza tayalalo pakati pa msewu.

Mwezi unali wochepa, wonga chikhadabo. Kumanja kunayamba mpanda wa manda, ndipo mitanda yoyera inkasuzumira pamwamba pake. Iye anayang'ana kutsogolo. Tayala lophwa siliyenda mokoma. Linkalira pa phula kuti fwa... fwa... fwa.

Kenaka anamva lina.

Kumbuyo kwake. Tayala lina. Lodzaza mpweya, loyenda mosalala.

Anaima. Nalonso linaima.

Anayenda. Linayenda.

Anacheuka. Msewu unali mbee. Ngakhale Kachule sikankaonekanso.

"Ndi makutu anga," anatero mokweza. Mawu ake aja ogwedeza mabenchi anatuluka ngati a kamwana. Anayamba kuthamanga. Tayala lake linkapepeluka. Linalo linkayandikira. Manda anatha. Zitsulo za mlatho zinatulukira. Pansi madzi ankalira.

Chinthu chakuda chinam'pitirira m'mbali, fyuu!

Chinapita patsogolo, chinazungulira kamodzi, kawiri, n'kugona pa mapazi ake penipeni. Linali tayala. Lokha. Popanda woligubuduza!

Besi anaima njii. Anafuna kupemphera, koma pemphero lonse linathera pa mawu amodzi: "Ambuye..."

Pamenepo anamva likhweru. Linali la nyimbo yakale ya m'tchalitchi, ija anthu okalamba amaikonda pa mgonero. Linafika pakati pa ndime n'kulekeza. Pa chitsulo cha mlatho panali patatsamira bambo wamtali, wovala ovololo yothimbirira ndi mafuta, nsanza ili paphewa.

"Bwerera," anatero bamboyo. "Kumeneko atseka."

"Pepani bambo, ndinu... ndinu womata matayala?"

"Ndinali pano kale. Tenga ilo. Lakoli ndipatse."

"Koma likwana? Kagalimoto kanga n'kakang'ono."

"Timagalimoto ta ana inu ndimatidziwa. Tiye. Mdzukulu sadikira."

Besi sanafunse kuti za mwanayo wawauza ndani. Anadzutsa tayala lija, nabwerera, bamboyo ali pambali pake ndi lophwa lija. Pa phula pankamveka matayala awiri, koma mapazi a munthu mmodzi. Besi anazimva. Sanayang'ane pansi.

Atafika pa mpanda wa manda, likhweru linayambanso, ndipo linalekezanso pomwe paja. Tsono apa mnyamatayo anaganiza mumtima mwake kuti woipayo saimba nyimbo imeneyi, ndipo wobwera kudzaononga sabwera ndi tayala. Anakoka mpweya, natsitsa mawu, namaliza ndime ija ndi besi yake yonse. Bamboyo anaseka pang'ono, nayambanso pachiyambi. Anadutsa manda onsewo akuimba, wina pamwamba wina pansi, ndipo mantha anatsalira kumbuyo ngati chovala chakutha.

Tayalalo linalowa ngati linabadwira pomwepo. Pomanga manati, dzanja la bamboyo linakhudza la Besi. Linali lozizira ngati chitsulo cha m'mamawa.

"Mangitsa mopingasa, osati motsatana," anatero. "Ndipo usamalowetse mutu pansi pa galimoto ili pa jeki."

Besi anatsitsa jeki, naponya sipanala m'kati, natembenuka kuti athokoze. Panalibe munthu. Tayala lophwa lija panalibenso.

Anafika kwa mlongo wake magetsi onse ali chiyakire. Mayiyo anali atagwada pakhonde, atagwira mzati, apongozi ake akumusisita msana.

"Sangathe kukhala pa mpando ameneyu," anatero mayi wokalambayo. "Afunika kugona. Mwana iwe, m'kabokosi kakoka agona pati?"

Besi anathamangira ku galimoto. Anatsegula kumbuyo, nagwira chibokosi cha sipika ndi manja awiri, nachizula pamodzi ndi mawaya ake, nachiponya pa udzu. Anapinda mipando. Matiresi analowa. Mlongo wake analowa. Ngakhale apongozi analowa ndi mitolo yawo.

Kunja kukuyera, namwino anatuluka m'chipinda cha opaleshoni akuvula chophimba kukamwa. "Malume ndi ati pano? Mwana wamkazi, ndipo mayi ali bwino. Koma mukanachedwa pang'ono, bwenzi tikukamba zina."

Besi anagwada pa simenti pomwepo, osasamala anthu odutsa.

Dzuwa litakwera, anatenga gogo watsopanoyo kuti akam'tule kunyumba akatenge zovala. Atafika poimika magalimoto, mayiyo anaima chilili. Ankayang'ana tayala lakutsogolo. Pakati pa matayala atatu a malimu onyezimira panali limodzi lachitsulo chakuda, ndipo pa chitsulocho panali madontho atatu a penti yoyera.

"Ili walitenga kuti?"

Besi anafotokoza zonse: msomali, mlatho, ovololo, likhweru lolekeza pakati.

Mayiyo anakhala pansi pa mwala. Kenaka anati: "Madontho atatuwo ankaika ndi bambo a mlamu wako, pa tayala lililonse lochoka m'manja mwawo. Ankati ndi Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, kuti woyendapo akafike. Iwe sunawaone. Anatisiya mlamu wako asanam'dziwe n'komwe mlongo wako. Usiku wina anapita kukathandiza mnyamata pa mlatho paja, jeki inaterereka..." Anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu. "Nyimbo ija sankaimaliza. Ndikawadandaulira ankati mbali yotsalayo ndi ya besi, akudikira mwini wake."

Atafika kunyumba, mayiyo anam'tengera kuseri, kumene kunali kashedi ka malata kamene sikanatsegulidwe chiyambire maliro. Loko anali atachita dzimbiri, mpaka Besi anachita kumuthyola ndi sipanala. M'katimo fumbi linali paliponse: pa benchi, pa pampu, pa ovololo yopachikidwa pa msomali. Koma pakhoma panali patatsamira tayala limodzi lopanda fumbi, la limu lonyezimira. Linali lomatidwa, lopopedwa bwino. Besi analikhudza, ndipo chala chake chinabwerako ndi penti yoyera, yosauma.

Za mmene akufa amagonera, ndi za amene amatumidwa usiku, ine sinditsutsana ndi munthu. Ndingodziwa kuti Iye amene anatuma makwangwala kukadyetsa mneneri sasowa wom'tuma.

Besi anagubuduza tayalalo mpaka pa galimoto, nagwada kuti alibwezere pamalo pake ndi kubweza la eni ake.

"Ayi," anatero mayi uja. "Lawolo lisiye pomwepo. Lakolo uike kumbuyo, pamene panali chiphokoso chija."

Loweruka lotsatira, pamalo otsukira galimoto, mtsikana wa kagalimoto kabuluu anasuzumira m'buti ya Kachule, naona tayala lili phee m'dzenje lake.

"Aa, Besi! Chikhulupiriro chija chachepa?"

"Chakula," anatero Besi, natseka chitseko.