Chikho cha Fakitale ya Dudek

Noreen Dudek anakumana ndi Desmond Prewitt pansanjika ya 48 ku Manhattan atanyamula chikho cha galasi. Ntchito yake inali imeneyo: mpondamatiki akagula kampani, Noreen ankazokota dzina la kampaniyo pagalasi kuti wogulayo azidzitama nalo.

Desmond anali nazo kale zikho makumi atatu. Anayamba ngati kalaliki pamsika wa masheya wa Wall Street, koma tsopano ankagula mafakitale, kuchotsa antchito, n'kugulitsa makina. Mwiniwake ankati uku n'kuchiritsa.

"Chikhochi n'chokongola," anatero Desmond, "koma wochinyamulayo waposa."

"Mumauza aliyense zimenezi, bwana?"

"Ayi. Masiku onse amabweretsa ndi mkulu wina wandevu."

Noreen anaseka, ndipo mavuto anayambira pomwepo.

Mauthenga a Desmond anayamba kuvumba pafoni. "Njiwa yanga, wadya?" "Uchi wanga, msika wagwa lero koma sindikumva kuwawa, ndili ndi iwe."

Desmond ankakondanso kufunsa za kwawo kwa Noreen. Ndi amuna angati amatero? Noreen anamasuka: fakitale ya mapampu ku Ohio imene agogo ake anamanga, antchito mazana atatu, bambo ake odwala mtima, ndi abale awo awiri amene ankafuna kugulitsa magawo awo mwamseri.

"Usade nkhawa, wapamtima. Ine ndili moyo, palibe adzakhudze fakitale ya adadi."

Lolemba lina oda inafika kuntchito. Dzina lozokota: Dudek. Wogula: Prewitt. Noreen anaimbira mayi ake.

"Yagulidwa ndi kampani yosadziwika, mwanawe! Geti atseka ndi tcheni. Bambo ako alonda awakankhira pansi, tili kuchipatala."

Noreen anazokota dzinalo mwaluso, n'kukapereka yekha chikhocho. Anapeza Desmond ali pamsonkhano ndi maloya.

"Njiwa yanga! Ndimati ndikufotokozere..."

"Za magawo aja unamva kwa ndani?"

"Ndi bizinesi chabe, iwe. Mphete ndagula kale!"

Chikhocho chinali cholemera ngati njerwa. Chinamupeza Desmond pakamwa, phwa! Mano awiri anagudubuzika patebulo, magazi n'kuyenderera pataye. Noreen analunjika pashelefu ya zikho zija.

"Ichi n'cha antchito unawachotsa ku Toledo! Ichi n'cha a ku Akron!"

Zikho zinasweka pakhoma chimodzichimodzi. Maloya, anthu olimba mtima m'khoti, anali pansi pa tebulo.

Alonda anamupotokola mikono mpaka phewa linalira. "Ndinkakukonda, galu iwe!" anakuwa akumukoka. Desmond anayesa kuyankha, koma m'kamwa munatuluka thovu lofiira.

Ali m'chikepe foni inalira. Mlonda wina, pomva chisoni, anamuikira kukhutu.

"Bambo ako atsitsimuka," anatero mayi ake. "Akuti chibwenzi chako cholemera chija, umati n'chabwino mtima, sungachipemphe chitithandize?"