Chikole cha Nsambo Zisanu ndi Imodzi

Minibasi yopita ku Monkey Bay inali itadzaza kale pamene mnyamata wina anafika pa depoti ya Mangochi akuthamanga, atakumbatira chinthu chachitali chokulungidwa m'chitenje. Kondakitala anafuna kuchiponya kumbuyo pamodzi ndi matumba a simenti.

"Ayi bwana, ichi sichikhala ndi simenti!" anakana mnyamatayo. Maso ake anagwera pa Hidaya, telala wa pafupi ndi msika, amene ankapita ku Makawa kukapereka mayunifolomu a sukulu. "Achemwali, ndinyamulireni pamiyendo. Sichiluma."

"Ndi chiyani? Mfuti?"

"Eya. Yolasira mitima."

Anthu anaseka. Hidaya anafuna kukwiya koma zinamukanika. Mnyamatayo anafunyulula chitenje pang'ono. Inali gitala yamagetsi yobiriwira motuwa, penti itasupuka pamwamba mpaka thabwa kuonekera.

"Yakutha chonchi? Osagula yatsopano bwanji?"

"Musainyoze. Inali ya malemu bambo anga. Ankaimba m'mahotela a kunyanja ine ndisanabadwe. Posupukapa ndi mkono wawo, zaka makumi awiri ukukhula malo amodzimodzi. Ine ndine Shafi. Nanga amene mwanyamula chuma changa ndinu yani?"

Pofika ku Makawa, Hidaya anali atatchula dzina, atatchulanso nambala ya foni. Anadzidabwa yekha. Iye uja woopa ngakhale kuyankha moni wa akabaza?

Mauthenga anayamba tsiku lomwelo.

"Duwa langa, gitala ikukana kulira. Akuti ikufuna miyendo ija."

"Bodza iwe. Umawauza onse choncho."

"Wallahi ndiwe wekha. Nsambo zili zisanu ndi imodzi, zonse zikutchula Hidaya."

Ndani akanalimba mtima? Shafi ankabwera kushopu masana ndi mandasi otentha, n'kukhala pampando wa makasitomala akuimba chapansipansi, makina osokera akumuyankha. Chaka chisanathe, Hidaya anali woyembekezera.

A Jaffalie, mjomba wa Hidaya, malume amene anamulera, sanamukonde Shafi n'kamodzi komwe.

"Munthu woimba m'mabala? Ukwati wa nikah uchitike mwezi uno, apo ayi ndisamuonenso pakhomo pano!"

Shafi anabwera Lachisanu atachokera kumzikiti, atavala kanzu yoyera. Anagwada pakhonde, n'kuika gitala ija pamkeka.

"Mjomba, ndilibe kanthu panopa. Ndapeza malo ku Joni. Ndikagwire ntchito, ndibwere, tidzamange nikah yaulemu. Ichi n'chikole changa. Chimene bambo anandisiyira n'chokhachi. Munthu angathawe n'kusiya bambo ake?"

A Jaffalie anayang'ana gitalayo nthawi yaitali. Anali munthu wolemekeza malemu.

"Chabwino," anatero. "Tidikira."

Pa depoti, Shafi anagwira manja onse awiri a Hidaya. "Switi wanga, usalire. Gitala ikakhala m'nyumba mwako, ndiye kuti ine ndili m'nyumba mwako."

Zaka ziwiri zinadutsa. Amida anabadwa, anakwawa, anayamba kuyenda, bambo ake akuwadziwa pa chithunzi cha pafoni basi. Hidaya ankasunga gitala pamwamba pa kabati, pomwe mwana sangafike. Anyamata a bandi ina anabwera kudzabwereka, anawabweza. Mjomba akafunsa kuti, "Nanga mkamwini uja?" iye ankangoloza pakabati.

Kenako, kumayambiriro kwa Novembala, uthenga unabwera.

"Bebi, Disembala ndikubwera! Uwauze mjomba akonzeke. Gitala yanga ili bwino?"

Hidaya anavina yekha m'chipinda, Amida ali m'manja. Atatsitsa gitala ndi kuifunyulula, kuvina kunathera pomwepo. Nsambo zinali zitachita dzimbiri. Imodzi inali itaduka, ili lende. Kabatani kokwezera mawu kankagwedera ngati dzino la mwana.

Mayo! Shafi adzati chiyani? Sadzati mkazi wolephera kusamala thabwa angasamale banja?

M'mawa mwake anabereka Amida, n'kunyamula gitala kupita kwa a Petulo, bambo wachikulire wokonza mawailesi ndi masipika kuseri kwa msika, amenenso amaimba gitala kutchalitchi kwawo.

"Abambo, ndithandizeni. Mwini wake akubwera mwezi wamawa."

"Khalani pansi mayi, mukunjenjemera ngati mwabweretsa wodwala."

Analumikiza chingwe ku sipika. Chiphokoso chinabuka ngati njuchi zatsekeredwa mu ndowa. Amida analira. A Petulo anagwira nsambo, n'kusiya, n'kugwiranso.

"Mwamva? Ndikagwira nsambo phokosoli liyenera kuchepa. Silikuchepa. Pali kawaya kamene kaduka mkati. Si matenda aakulu."

"Chonde muigwire bwino. Ndi yakale kwambiri. Inali ya apongozi anga, malemu. Ankaimba nayo kale, ife tisanabadwe."

A Petulo anatembenuza gitala n'kumasula chivindikiro cha kumbuyo. Anasuzumira mkati, anavula magalasi, anawapukuta, anasuzumiranso.

"Mwati apongozi anu anamwalira liti?"

"Shafi ali ku pulaimale."

"Hmm."

"Bwanji abambo?"

"Mayi, ine ndimakonza zinthu, nkhani za m'mabanja sindilowerera. Koma gitala iyi si yakale. Onani kapepala aka mkatimu. Mumawerenga, eti?"

Hidaya anawerenga. Panali manambala ambiri, kumapeto kwake 2019.

"Mwina anangosintha chivindikirocho," anatero msangamsanga.

"Kapepalako kali pathabwa, osati pachivindikiro. Bweretsani chala." Anamugwiritsa posupuka paja. "Mukumva bwanji?"

"Posalala."

"N'chifukwa pali vanishi pamwamba. Mkono ukadya penti subwereranso kudzapaka vanishi. Izi amazisupula dala kufakitale kuti zioneke zachikale. Achinyamata amazikonda choncho. Ku Joni zili mbwee m'mashopu."

Hidaya anamva kutentha kumaso. "Inu simukumudziwa Shafi."

"Zoona, sindikumudziwa. Mubwere Lachinayi, mudzaipeza ikulira bwino."

Njira yonse yobwerera ankamuikira kumbuyo Shafi mumtima mwake. Mwina gitala yeniyeni inabedwa, iye n'kuchita manyazi kunena. Mwina anangofuna kuti mjomba amulemekeze. Bodza laling'ono ngati limenelo lingaphe banja? Anatenga foni kuti afunse, analemba, anafufuta. Analembanso, anafufutanso. Nanga akakwiya n'kusintha maganizo a Disembala?

Pomaliza anangolemba kuti, "Gitala ili bwino, dali."

Yankho silinachedwe. "Ukuona? N'chifukwa chake ndinasankha iwe, mayi wa ana anga."

Kwa mjomba sananene kalikonse. A Jaffalie anali atayamba kale kufunsa mtengo wa mbuzi ndi mpunga, ndipo anali atakalankhula ndi shehe.

Lachinayi masana Hidaya anafika kwa a Petulo, Amida ali kumsana. Analowa, n'kuima chilili.

Pakhoma panapachikidwa magitala awiri. Onse obiriwira motuwa. Onse osupuka pamwamba, malo amodzi, kukula kofanana, ngakhale kamzere kokhota ka m'mphepete kanali komweko.

"Yanu ndi iti?" anafunsa a Petulo mosaseka.

Hidaya anayang'ana ya kumanzere, anayang'ana ya kumanja. Zaka ziwiri akuisunga, akuilankhula ngati munthu, lero osaizindikira!

"Sindikudziwa," ananong'ona.

"Ya kumanja. Inayo inabwera Lachiwiri kuchokera ku Chiponde. Matenda ake omwewo, kawaya komweko. Amawotcherera mothamanga kufakitaleko."

Hidaya anapumira m'mwamba. Chabwino, ndi za m'shopu, aliyense angagule. Zachilendo n'chiyani pamenepo? Anakhala pabenchi kuti amasule mwana amwe madzi.

Panja panaima njinga yamoto. Anatsika mtsikana wovala hijabu yapinki, akuyenda mogwira m'chiuno, mimba ili patsogolo.

"Asalamu alaikumu! Agogo, mwana wanga wachira?"

"Wachira, Esime," anayankha a Petulo, maso ali pansi.

Esime anakhala pafupi ndi Hidaya akudzipepesa ndi mpango. Anali wansangala, wa nkhani zosatha.

"Iii, kutentha kwa kuboma kuno! Achemwali, inunso mwabweretsa gitala? Taonani, zofanana! Koma yangayo ndi yeniyeni, yakalekale. Agogowa akuti ndi yatsopano, ine ndawauza kuti asandiphunzitse. Mchimwene wanga ndi amene anaiwononga, anaitengera ku ukwati osandipempha. Ndinalira! Chikole changa chimenechi."

"Chikole?" anafunsa Hidaya.

"Eee. Inali ya malemu bambo a mwamuna wanga. Posupukapo ndi mkono wawo, zaka makumi awiri. Anagwada pamaso pa mjomba wanga, akuti, 'Munthu angathawe n'kusiya bambo ake?' Mjomba mpaka misozi!"

A Petulo anayamba kufunafuna chinthu m'bokosi la mawaya, chinthu chimene sichinkapezeka.

"Ali kuti mwamuna wanuyo?" anafunsa Hidaya.

"Ku Joni. Akubwera Disembala, timange nikah mwana asanabadwe, Inshallah. Mwina mukumudziwa, ankakhala konkuno. Shafi, woimba uja."

Hidaya anayang'ana mimba ija. Sanafune kuwerenga miyezi, koma mutu unawerenga wokha.

"Anabwera liti kumudzi?"

"Pa Idi, mu Epulo. Tinadziwana pa foni chaka chatha, ndiye anabwera kudzaonekera. Anakhala masabata awiri kwathu."

Masabata awiri a mu Epulo! Hidaya anawakumbukira bwino. Foni ya Shafi inali chete, ndipo atabwereranso anati anamubera matsotsi. Hidaya anasala kudya, akumupempherera. Pamene munthuyo anatsika basi pa depoti yomwe ino, anawoloka mlatho wa Shire, anakwera phiri kupita ku Chiponde. Shopu ya Hidaya ili mphindi zisanu kuchokera pa depoti. Mwana wake anali ndi malungo sabata imeneyo.

"Achemwali, mwatani? Mukudwala?"

Hidaya anafuna kukuwa. Anafuna kumugwira Esime mapewa n'kumuuza zonse. Koma anadziletsa. Mtsikanayu analakwa chiyani? Anangoimirira n'kujambula magitala awiri aja pakhoma. Anatumiza chithunzicho kwa Shafi, pansi pake n'kulemba kuti, "Bambo ako anali ndi mikono ingati?"

Uthenga unawerengedwa nthawi yomweyo. Foni inaonetsa kuti akulemba. Anasiya. Anayambanso. Anasiyanso.

Hidaya anagwira foni ndi manja awiri. Akanangoti pepa! Akanangonama bodza lina lililonse, mwina akanalikhulupirira.

Foni inalira. Koma sinali yake.

"Ndi iyeyo!" Esime anasekerera. "Halo dali! Ndili kuboma, kwa okonza gitala... Eee... Ndani?" Kumwetulira kunazilala. Anamuyang'ana Hidaya kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kusendera kumapeto kwa benchi. "Eee, alipo... Ali ndi mwana, eee... Chabwino. Chabwino dali, ndikunyamuka."

Anadula foni, n'kuimirira movutikira, dzanja lili pamimba ngati akuitchinga.

"Akuti chiyani?" anafunsa Hidaya.

"Akuti ndichoke msanga. Akuti ndinu mkazi wosokonezeka mutu, munkamulondalonda kalekale, mpaka munakagula gitala yofanana ndi yake kuti muzinamiza anthu."

"Ine?"

"Agogo, ndipatseni yanga ndizipita."

"Esime, mwanangu," anayamba a Petulo, "tamuyang'ana mwanayo nkhope."

Amida anali ataima pakati pa miyendo ya mayi ake, akuyamwa chala. Esime anamuyang'ana. Anayang'ana mphumi, anayang'ana makutu otambalala ngati a Shafi.

"Ana amafanana ndi anthu ambiri," anatero mwamsanga. Analanda gitala m'manja mwa a Petulo, osaikulunga n'komwe, n'kutuluka. Pokwera njinga yamoto sanacheuke, koma Hidaya anamuona akupukuta maso ndi nsonga ya hijabu.

Hidaya anaimba nambala ya Shafi. Sinalowe. Anaimbanso. Analemba kuti, "Shafi, ndine Hidaya wako. Tangolankhula nane." Uthengawo sunafike. Pamene panali chithunzi chake panangotsala bwalo lotuwa.

A Petulo anatsitsa gitala yotsalayo n'kuiika patebulo pang'onopang'ono.

"Ikulira bwino tsopano," anatero, ngati akupepesa.

Hidaya sanaiyang'ane. Anawerama kuti abereke mwana, koma chitenje chinakana kumangika. A Petulo anachita kumugwirira mwanayo kumsana.

"Abambo," anatero Hidaya, misozi ikugwera pa simenti, "mjomba agula mbuzi dzulo. Aimangirira pakhomo. Ndikawauze chiyani?"