Kapepala ka pa Galimoto ya Vernon

Kuno ku mapiri a Ozark munthu akhoza kukubwereka galimoto, mfuti, ngakhale galu wake, koma sangakuuze pamene pamagona nkhukundembo. Nkhalango ndi ya boma, aliyense wodula chiphaso ali ndi ufulu wosakamo, komabe mlenje aliyense ali ndi kachigwa kake kamene amabisa ngati nthenda yamanyazi. Malamulo ake sanalembedwe paliponse koma tonse timawadziwa. Ukapeza galimoto ya mnzako pageti la kamsewu kolowera m'nkhalango, umapitirira kukayesa kwina. Munthu akakutengera pamalo ake, subwererako wekha ndipo suuza wina. Wophwanya zimenezi samangidwa ayi. Amangozindikira kuti ku lesitilanti akumwa khofi yekha.

Dwight Harkey malo ake anasiyiridwa ndi malemu bambo ake: chigwa chakuya chokhala ndi kasupe, ndi mwala wosalala pansi pa mtengo waukulu wa oki. Moyo wake wonse anatengerako munthu mmodzi yekha, Lorene, mtsikana amene ankagwira ntchito ku positi ofesi. Unali mwezi wa Epulo, m'bandakucha. Anamukhazika pamwala paja, ndipo tambala wa nkhukundembo atalira mumtengo pamwamba pawo, mtsikanayo analumpha kenako n'kuyamba kuseka atagwira pakamwa.

"Pano ngakhale Vernon sanapondepo," anatero Dwight monong'ona. "Mphete sindinagulebe. Ndayamba ndakupatsa ichi."

"Ndiye mukundifunsira ndi mwala?"

"Ndi mwala womwewu."

Lorene analola. Anakhala m'banja zaka makumi awiri ndi zinayi. Mulungu sanawapatse mwana, koma m'nyumbamo munali kuseka, makamaka Lamlungu Vernon Tibbs akabwera kudzadya nawo. Vernon anali mnzake wa Dwight kuyambira ku pulayimale, makaniko wa magalimoto, bambo wa nthabwala amene mkazi wake anamwalira kalekale. Lorene ankamutcha alamu, iyenso chimodzimodzi. Vernon anali katswiri woitana nkhukundembo. Akapalasa kabokosi kake ka thabwa, kankalira ngati thadzi lenileni, atambala n'kumabwera okha atatambasula zipsepse. Koma za chigwa cha mnzake sanafunsepo, chifukwa ankadziwa mwambo.

Mavuto anayambira kukhutu. Dwight anagwira ntchito yocheka matabwa zaka zambiri, ndipo phokoso la macheka linamugonthetsa khutu lakumanzere. Amene sanasakepo nkhukundembo sangamve kuwawa kwake. Mbalameyi mlenje amaipeza ndi makutu, ndipo wa khutu limodzi amamva kulira koma sadziwa kumene kukuchokera. Tambala akalira kumpoto, Dwight ankathamangira kummwera. Zaka zitatu zotsatizana anabwerako chimanjamanja. Sankadandaula. Ankangopachika mfuti, n'kukhala pakhonde mpaka khofi kuzizirira m'manja.

Lorene zinkamupweteka mumtima. Ankamuona mwamuna wake akufota, ndipo ankadziwanso kuti munthu wake ndi wouma khosi, sangapemphe thandizo ngakhale nyumba itamugwera. Tsiku lina chakumayambiriro kwa Epulo anapita ku galaja ya Vernon nthawi ya nkhomaliro.

"Alamu, ndikufuna mumuitanire tambala chaka chino. Pamalo ake pomwe paja. Ndikutumizirani pafoni."

Vernon anapukuta manja, nkhope itasintha. "Ayi alamu, musandiike m'mavuto. Malo a mlenje amaulula mwini wake."

"Mwini wake adzafa asanaulule. Simukumuona mmene akuthera?"

Pomaliza Vernon anagonja. "Chabwino. Koma mverani. Ndikamvetsera kumene tambala akugona masiku awiri atatu nyengo yosaka isanatsegulidwe. Tsiku lotsegulira ndikamudikira komweko, ine n'kuitana, iye n'kuwombera. Mfuti sindidzatenga. Zikatha ndifufuta malowo mufoni, ndipo phazi langa silidzapondakonso."

"Ndidzamuuza m'mawa womwewo ali pa khofi, asapeze nthawi yokana," anatero Lorene, ndipo anatumiza kadontho kofiira ka pamapu.

Ine ndinena poyera kuti mayiyu analakwa. Analakwa chifukwa cha chikondi, koma kulakwa ndi kulakwa. Chinthu chimene mwamuna anam'patsa m'malo mwa mphete anachitumiza pafoni ngati nambala ya wokonza mapaipi. Komabe chilango chimene analandira sichinali cha msinkhu wa tchimolo.

M'tauni yaing'ono ngati yathu mulibe pobisala. Lorene anakumana ndi Vernon kawiri ku lesitilanti ya pafupi ndi pothirira mafuta, mitu itagundana pa foni, akunong'onezana. Buford Ames, wogulitsa zipolopolo, anawaona. Buford ndi munthu amene nkhani ikamulowa m'khutu imamuyabwa mpaka aitulutse. Lachisanu Dwight atabwera kudzagula zipolopolo, Buford anayamba mozungulira.

"Amwene, mwayamba kugawa malo tsopano? Nafenso mutikumbukire."

"Ukuti chiyani?" anafunsa Dwight, akumulozetsa khutu labwino.

"Ndikuti galimoto ya Vernon ndaiona kawiri m'mamawa pageti lija la kuseri kwa tchalitchi chakale. Ine ndimadziwa kuti kumeneko kumaima yanu. Kaya mwina anamuuza ndi alamu athu, pajatu masiku ano amamwera limodzi khofi." Anaseka, akukulunga katunduyo. "Ine sindinanene kanthu."

Anali atanena zonse. Dwight anatuluka osatsanzika. Loweruka lonse anakhala m'shedi akupukuta mfuti yoyera kale. Nsanje simafuna umboni wambiri, ikapeza kakang'ono zotsalazo imapeka yokha. Anakumbukira mmene Lorene amasekera nthabwala za Vernon patebulo, nthabwala zimene iye sankazimvanso bwino. Anakumbukira kuti iye amangokhala pakati pawo akumwetulira ngati mlendo. Mumtima mwake anagamula mlandu: mkazi sangapereke malo otero kwa mwamuna amene sanam'patse kale zina.

Lamlungu madzulo, nyengo ikutsegulidwa mawa lake, Lorene anasiya foni patebulo akukatenga mbatata mu uvuni. Dwight anaitsegula. Kadontho kofiira kanali pompo, pa kasupe wa bambo ake, pansi pa dzina la Vernon.

"Ichi n'chiyani?"

Lorene anaika mbale pansi pang'onopang'ono. "Dwight, khalani pansi ndikufotokozereni."

"Ndafunsa kuti ichi n'chiyani!"

"Ndinamupempha kuti akuthandizeni. Ndimati ndikuuzeni mawa."

"Andithandize? Andithandize chiyani, ntchito ya m'nyumba muno? Wayamba liti kundithandiza?"

"Musalankhule zonyansa! Zaka zitatu mwakhala mukubwera opanda kanthu, mukungokhala pakhonde ngati muli pamaliro. Khutu lanu lija…"

"Ehe! Ndiye munakhala awiriwiri n'kumakambirana za kugontha kwanga? N'kumaseka? Mwamuna wanga watha, bwera utenge malo ake, ndi zina zotsalazo utengeretu!"

"Dwight, ndikulumbira pamaso pa Mulungu, Vernon ndi mlamu wanga basi. Muimbireni foni panopa mumufunse."

"Ndifunse mbava ngati yaba?"

Lorene anayamba kulira, akufotokoza za kabokosi koitanira, za mfuti imene Vernon analonjeza kusatenga. Koma Dwight anachita chinthu chimene anali asanam'chitepo mkazi wake. Anatembenuka n'kumulozetsa khutu lakufa lija. Kenako anatenga mfuti ndi jekete, n'kuliza galimoto. Lorene anaimbira Vernon kangapo konse, koma Vernon anali atapita kale kukagona mu kanyumba kake ka m'mphepete mwa nkhalango, kumene foni sigwira. Akulu anati safunsa anadya phula. Dwight anafunsa ndithu, koma yankho analitsekera khomo.

Kusanache anafika pageti. Galimoto ya Vernon inali itaima kale. Mwa mwambo wathu, Dwight anayenera kupitirira. Kupitirira pamalo a bambo ake! Pagalasi lakutsogolo panali kapepala kopanikizidwa ndi chopukutira mvula. Alenje ena amasiya timapepala totero touza obwera mochedwa kuti muno muli kale munthu, kayeseni kwina. Dwight anaganiza kuti n'chimenecho. Anakachotsa, n'kukafinya osawerenga, n'kukaponya m'thumba la jekete. Anatsikira m'chigwa popanda tochi, pakuti njirayo mapazi ake ankaidziwa.

Anam'peza Vernon kum'mawa kukuyera, atakhala tsonga m'mbali mwa mwala uja, kabokosi kali pamwendo. Vernon atamuona anamwetulira n'kumukodola.

"Khala pansi, chitsiru iwe, umuthawitsa," ananong'ona. "Ali apo."

Dwight anangoona milomo ikugwedezeka ndi mano akuseka.

"Dzuka pamenepo," anatero mokweza.

"Shii! Amwene, mwapenga? Simunawerenge…"

"Ndati dzuka! Zaka makumi anayi ukudya m'nyumba mwanga. Mkazi wanga sanakukwane, wafunanso ndi mwala womwe?"

Vernon anaimirira, kumwetulira kutatha. Anatambasula manja kuti mnzake aone kuti mulibe kanthu. "Dwight, ndine Vernon. Tayang'ana, ndilibe mfuti. Ndabwerera iwe."

"Wabwerera ine?"

Mfuti inalira. Vernon anagwa chagada pamasamba onyowa, kabokosi kaja n'kugubuduzikira ku kasupe. Ndipo monga amachitira atambala akadzidzimuka ndi phokoso, nkhukundembo inalira mwamphamvu mumtengo, pafupi penipeni. Dwight anatembenukira uku ndi uku, osadziwa kumene yalirira. Anakhala pamwala paja mpaka dzuwa kukwera. Apolisi, amene Lorene anawaimbira kutangocha, anam'peza ali pomwepo.

Mlandu unazengedwa mwezi wa Okutobala. Loya wake anayesa kunena kuti inali ngozi ya kusaka, kuti munthu wosamva bwino anamva kulira kwa thadzi m'chisisira n'kuwombera. Koma mwa anthu wamba khumi ndi awiri amene anasankhidwa kugamula mlanduwo, asanu anali alenje. Ankadziwa kuti palibe amaombera thadzi nyengo imeneyo, ndipo palibe angasokoneze nkhukundembo ndi munthu woimirira mapazi asanu patsogolo pake. Buford anaitanidwa, ndipo analumbira kuti iye ankangocheza. Lorene anapereka umboni wake maso ali pansi, sanayang'aneko kumene kunakhala mwamuna wake.

Pomaliza woimira boma anatulutsa kapepala kofinyika m'kathumba ka pulasitiki. Anati apolisi anakapeza m'jekete la woimbidwa mlandu, ndipo anawerenga:

"Dwight, usakwiyire alamu, mlandu ndi wanga. Tambala wako wagona mu oki wa kumpoto kwa kasupe, ndi chimphona. Ukhale pamwala pako, khutu labwino ulozetse kuphiri. Ine ndiitana, iwe uwombere. Mfuti ndasiya kunyumba. Ukapha, khofi ugula ndiwe."

Dwight anakweza dzanja ngati mwana wasukulu.

"Bwana woweruza, sindinamve bwino. Awerengenso."

Woweruza analola. Dwight anatembenuza mutu, n'kutchera khutu lakumanja, ndipo anamva mawu onse mpaka a khofi aja. Sanalire. Anangogwira thabwa la kutsogolo kwake ndi manja onse awiri. Anam'peza wolakwa pa mlandu wakupha, ndipo anam'lamula kukhala m'ndende zaka makumi awiri ndi zisanu. Anali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri.

Lorene anagulitsa nyumba n'kupita kwa mchemwali wake ku mzinda wa Tulsa. Sanasudzule mwamuna wake, komanso sanapiteko kukamuona. Akuti khirisimasi iliyonse amamutumizira khadi lopanda mawu, dzina lokha. Buford akugulitsabe zipolopolo, koma khofi amamwa yekha.

Chigwa chija mapu ake anaonetsedwa m'khoti ngati umboni, nyuzipepala n'kuwasindikiza. Epulo wotsatira ndinadutsa pageti lija ndipo ndinawerenga magalimoto asanu ndi awiri, ena ochokera kutali. Chinsinsi chimene munthu anaphera mnzake lero chili mufoni ya aliyense.

Dwight ndimakamuona kamodzi pachaka, chifukwa palibenso wina amapita. Wakalamba msanga. Sandifunsa za Lorene, mwina amaopa yankho. Anandiuza kuti mwezi wa Epulo amadzuka yekha kusanache, n'kukhala pabedi khutu labwino atalozetsa kukawindo, ngakhale akudziwa kuti kunja kuli mpanda ndi magalimoto basi. Inu amene muli ndi mkazi wokukondani ndi mnzanu wokhulupirika, mtima ukayamba kukunamizani, khalani pansi mumve mpaka mawu omaliza. Dwight Harkey choonadi chonse anali nacho m'thumba la jekete, ndipo anatsika nacho chigwa chonse osachitsegula.

Ulendo wathawu, nthawi yocheza itatha, anandigwira mkono.

"Vernon anati chinali chimphona," anatero. "Kodi alipo anadzachipha?"

Ndinamuuza kuti sindikudziwa. Mlonda anam'tenga, iye akuyenda chopendeketsa mutu, ndipo chitseko chinatsekedwa.