Wakula Kapena Wagula?

Kamafunso anali ndi mtengo. Mtengowo anadzala ndi Amayi. Amayi anamwalira chaka chatha. Mtengo unatsala pakhomo.

Tsiku lina aphunzitsi anati, "Gwirani pakhosi. Nenani s-s-s."

Pakhosi panali zii.

"Tsopano nenani z-z-z."

Pakhosi pananjenjemera.

"Muli njuchi," anatero Kamafunso.

Aphunzitsi anaseka. "Inde. Njuchiyo imalira pa z, pa d ndi pa g. Pa s, pa t ndi pa k imagona."

Kunyumba, Abambo ankadwala pakhosi. Mawu awo anali atatsekeka. Ankangonong'ona. Kamafunso anawagwira pakhosi. Njuchi munalibe.

Abambo akati "gona", ankamveka ngati akuti "kona". Akati "dula", ankamveka ngati akuti "tula".

Loweruka kunabwera kalipentala. Anali ndi tepi, sowo ndi thumba. Anazungulira mtengo. Anayeza nthambi yaikulu. Anaigogoda.

Kamafunso anabisala kuseri kwa chitseko. Anatchera khutu.

Abambo anasisita mtengo. Ananong'ona mawu amodzi. Kenako anagwirana chanza ndi kalipentala.

Kamafunso anawomba m'manja pang'onopang'ono. Wa-ku-la. Maphatikizo atatu. Wa-gu-la. Maphatikizo atatunso.

Abambo anena mawu ati? Mtengo wakula? Kapena kalipentala wagula?

Nanga sowo ndi yachiyani?

Kamafunso anathamanga. Anakumbatira mtengo.

"Simudula," anatero.

"Iwe kamwana, pita uko," anatero kalipentala. "Utuchi ukulowa m'maso."

"Mwagula mtengo wa Amayi."

"Ine? Ndiunyamula bwanji? Panjinga?"

Kamafunso sanaseke. Anayang'ana Abambo.

"Ababa, mwati wakula kapena wagula?"

Abambo ananong'ona. Kamafunso sanamve kusiyana.

"Nenaninso."

Ananong'onanso. Zinali chimodzimodzi. Kamafunso anaugwiritsa mtengo.

Abambo anagwada. Anatola kamtengo. Analemba padothi chilembo chimodzi chachikulu.

K.

Kamafunso anachiyang'anitsitsa. Analozabe sowo.

Kalipentala anatsegula thumba. Anatulutsa chingwe. Anatulutsa thabwa lalitali. Anadula thabwalo pakati. Mtengo sanaukhudze.

Anamanga chingwe kunthambi. Anamanga thabwa kuchingwe.

Anali katungwe.

"Amayi ako anandiuza kalekale," anatero kalipentala. "Anati, mtengo ukakula udzabwere."

Kamafunso anausiya mtengo. Anakhala pathabwa. Abambo anamukankha. Anapita m'mwamba. Anabwerera. Anapitanso. Nsapato yake inavuka. Inagwera pamutu pa kalipentala.

Abambo anaseka. Kuseka kwawo kunamveka.

"Imani kaye," anatero Kamafunso.

Anatsika. Anaika zala ziwiri pakhosi pa Abambo.

"Nenani z-z-z."

Abambo anayesa. Zii. Anayesanso.

Pansi pa zala, kanjuchi kanadzuka.