Chikole cha Mendulo

Anakumana pa siteji ya basi ku Malaga, kutsidya kwa nyanja m'dziko la azungu, korona akungomveka pawailesi. Flossie, mtsikana wa ku Mulanje wosamalira nkhalamba, ankafufuza khadi la basi m'chikwama pamene kachitsulo kanagwa pansi. Mnyamata wina anakatola.

"Sisi, ni mendulo iyi?" Chinyanja chake chinali cha ku Lusaka. Anati ndi Mulenga, wogwira ntchito mosungira katundu ku Kewdale.

"Ndi ya agogo anga, a Paterson Namaona," anatero Flossie. "Anachoka kwathu wapansi kukakumba malasha ku Wankie. Nkhondo itabuka anasiya fosholo n'kukhala msilikali woyenda pansi, mpaka ku Burma. Anabwerako akutsokomola, m'manja muli iyi yokha."

Mulenga anamvetsera mpaka basi kuwapitirira. Koma mnyamatayo pakamwa, abale! Pasanathe sabata foni ya Flossie sinkapuma.

"Flo wanga, ukakhala zii na chakudya sichipita."

Matenda atavuta, kuntchito anauza Flossie kuti achepetse kukumana ndi anthu. Tsiku lotsanzikana Mulenga anamugwira dzanja.

"Nipatseko chikole, chinthu chamene ungalire chikasowa. Nizasunga mpaka pa ukwati wathu, nalumbira!"

Flossie anapereka mendulo ija. Inde, anapereka! Munthu akakonda amamva za ndani?

Mu Epulo kunalengezedwa kuti pa Anzac Day, tsiku lokumbukira asilikali, sikukhala perete. Aliyense adzaime pageti pake m'bandakucha ndi kandulo. Flossie atawauza bambo ake kumudzi pafoni, iwo anamupempha chinthu chimodzi.

"Udzavale mendulo ija mwanawe, udzatchule dzina la agogo ako. Kuno palibe anawaimbirapo lipenga."

Analembera Mulenga kuti abweze kaye mendulo.

"Mailo, bebi."

Mawa lake: "Nili pa shifiti, switi."

Kenako zii. Mauthenga ankawerengedwa, yankho osabwera. Wataya? Wagulitsa? Nanga bambo akapempha chithunzi adzawauza chiyani? Flossie anachita mantha, chakudya osachikhudza.

Tsikulo litafika, anakumbukira adiresi imene anaiona pa kalata m'chikwama cha Mulenga. Analawirira ku Balga, kumene adiresiyo inkaloza. Msewu wonse unali makandulo, banja lililonse pageti pake.

Mulenga analipo, kandulo m'manja. Pambali pake panaima mayi woyembekezera, dzanja lake lili m'chiuno mwa Mulenga. Pachifuwa cha mayiyo panalendewera mendulo, kansalu kake kosokedwa ndi ulusi wobiriwira. Ulusi umenewo anasoka ndi amayi ake a Flossie!

Flossie asanatsegule pakamwa, lipenga la pawailesi linatha kulira, msewu wonse n'kukhala chete kulemekeza akufa. Mphindi yathunthu! Flossie anaima pamsewu misozi ikutsika, Mulenga akuyang'ana nsapato zake, phula la kandulo likumudonthera pazala.

"Tikuthandizeni, asisi?" anafunsa mayiyo pambuyo pake. "Ndine Dyna, mkazi wawo."

"Mendulo mwavalayo ndi ya ndani?"

"Ya agogo awo a bambo akunyumbawa. Anamenya nkhondo."

"Eti, Mulenga? Tchula dzina lawo. Ankakumba chiyani asanagwire mfuti?"

"Flo, tikambe bwino..."

"Tchula!"

Dzina lomwe Mulenga anauzidwa kakhumi konse silinatuluke.

Dyna anayang'ana mwamuna wake, n'kuyang'ana mlendoyo. Anamasula mendulo, anaiika pa bokosi la makalata, n'kubwerera m'mbuyo kuti mwini wake atenge.

Flossie anaibaya pa yunifolomu yake. Mtima unkamupweteka zedi, koma mawu anatuluka, mpaka azungu a tsidya lina la msewu anatembenuka.

"Paterson Namaona, wa ku Mulanje! Wokumba malasha, msilikali!"

Ananyamuka osacheuka. Kumbuyo kwake anamva mawu a Dyna, otsika koma akuthwa.

"Nanga mphete mwandiveka ineyi, bambo, mwini wake abwera liti?"