Bambo Anga Ayankha Okha

"Nn... nnye... nn..."

A Blasius anayang'anitsitsa chithunzi cha nyundo chimene chinali patebulo, milomo ikunjenjemera. Nyundo anaigwira zaka makumi awiri pa ukalipentala wawo ku Balaka, koma tsiku limeneli dzina lake linkawakana.

"Nyundo," anatero Tamara, mwana wawo, mofulumira. "Akufuna kunena kuti nyundo."

A Blasius anamenya tebulo ndi dzanja lamanzere, lokhalo limene linali ndi mphamvu, zithunzi zonse n'kumwazikira pansi. Kenako anatembenukira kukhoma, osafunanso kuona munthu.

Panali patatha miyezi inayi chigwereni ndi sitiroko ali mkati mopala thabwa. Mwendo unali utayamba kumvera, koma mawu ayi. Ankamva zonse, ankadziwanso chimene akufuna kunena, koma pakamwa pankatuluka china. Akafuna madzi ankati "mpando". Oyandikana nawo ena ankati mutu wasokonekera, ena ankati awalodza. Popeza sukulu zinali zitatsekera, Tamara, amene anali Fomu 2, ndiye ankawaperekeza sabata iliyonse kuchipatala ku Liwonde, kwa a Ayisha, mayi wophunzitsa odwala kulankhulanso.

A Ayisha anatola zithunzizo mosapupuluma, n'kuitanira Tamara pakhonde.

"Mwanangu, bambo akowa nzeru zawo zili bwinobwino. Mawu ali nawo, chimene chawonongeka ndi njira yotulukira. Ndiye iwe ukamawayankhira, njirayo aitsegula liti?"

"Ndimawamvera chisoni," anatero Tamara. "Anthu amawaseka."

"Aseke. Iwe uziwerenga chamumtima mpaka khumi, ngakhale makumi awiri. Akakanika, uwakumbutse za chinthucho, osati dzina lake. Kotsalako amalize okha."

Tamara zinamuwawa kumva kuti chifundo chake ndicho chinkawapsetsa mtima bambo ake.

Pobwerera anakwera minibasi yodzaza, yonunkha nsomba zouma ndi thukuta. Atangowoloka mtsinje wa Shire, kondakitala, bambo wandevu wa mawu okakala, anayamba kufunsa anthu kotsikira. Anafika pa a Blasius.

"Madala, mukutsikira pati?"

Tamara anatsegula pakamwa monga mwa chizolowezi. Nthawi yomweyo dzanja la bambo ake linamugwira pabondo mwamphamvu. Anawayang'ana kumaso, n'kutseka pakamwapo.

"Ba... ba..." A Blasius anameza malovu. "Ba... mpando."

Minibasi yonse inaphulika ndi phwete.

"Mpando mwakhalapo kale, madala!" anatero kondakitala uja, akuyang'ana anthu kuti aseke zambiri. "Kachasu wam'mawa ameneyu. Iwe mtsikana, agogo akowa akupita kuti?"

Liwu limodzi lokha likanathetsa zonsezi, ndipo linali kale palilime pa Tamara.

"Si agogo, ndi bambo anga," anatero. "Mwafunsa iwo. Ayankha okha."

"Ine ndilibe nthawi yamasewera. Unene, apo ayi ndikutsitsani pompano."

"Titsitseni, koma muyambe mwamva yankho lawo." Anakweza mawu kuti am'mbuyo amve. "Bambo anga sanaledzere. Anadwala sitiroko, ndipo akuphunzira kulankhula kachiwiri. Chikukusekesani n'chiyani pamenepo?"

Phwete lija linazima. Mnyamata wina amene anaseka kwambiri anayamba kuyang'ana pawindo. Kondakitala anakweza dzanja kuti amenye denga dalaivala aime, koma dzanjalo linangokhala m'mwamba.

Tamara anayamba kuwerenga chamumtima. Thukuta linkatsika m'masaya mwa bambo ake. Milomo inkakumana n'kusiyana, osatulutsa kanthu. Anafika khumi. Anafika makumi awiri. Mtima unkamuuza kuti awapulumutse, koma anangoweramira kukhutu kwawo.

"Ababa, kumene kuli shopu yanu ija."

A Blasius anatseka maso, akugogoda bondo lawo ndi chala pang'onopang'ono, monga ankachitira ndi a Ayisha.

"Ba... la... ka." Anapumira m'mwamba. "Balaka. Pa... pa depoti."

Kenako anatsegula maso, n'kumuloza kondakitala uja pachifuwa.

"Mowa... iyayi."

Kondakitala anatsitsa dzanja lake, n'kudzikanda kumutu. "Pepani, madala. Sindinadziwe."

A Blasius anakhala chiwongokere, mutu uli m'mwamba, ngati mmene ankakhalira akamaliza kupanga chitseko chabwino.

Atayenda pang'ono, Tamara anamva wina akumukodola paphewa. Anali mayi wina wa mpango wofiira amene anakhala kumbuyo kwawo, atafungatira mtanga wa usipa.

"Mwanawe," anatero motsitsa mawu, "amuna anga ku Utale chatha chaka osalankhula. Nawonso ndi sitiroko yomweyi. Kukabwera alendo timangowatsekera kuchipinda. Kodi kophunzirako amaona anthu tsiku liti?"

Tamara ankalidziwa bwino tsikulo. Anatembenukira kwa bambo ake.

"Ababa, mayiwa akufunsa inu."

Zinatenga nthawi. Minibasi inaima, inatsitsa munthu ndi thumba lake la chimanga, n'kunyamukanso. Palibe anaseka, palibenso anayesa kuwathandiza. Ngakhale kondakitala anauza dalaivala kuti atsitse wailesi.

"La... chi... nayi," anatero a Blasius. Anatembenuka movutikira mpaka anawaona mayiwo kumaso. "Bwe... bwerani... nawo."