Thabwa Lokana Kuwola

Kwathu kuno kunkhalango ya Bavaria, Lachinayi madzulo anthu amapita kubala ya Wastl atanyamula zinthu zachilendo zimene apeza m'nyumba za makolo awo. Wina kachitsulo kopindika, wina kabokosi kamabowo. Amaziika patebulo n'kuyamba kukangana za ntchito yake, mowa uli pambali. Wothetsa mkangano anali a Korbinian, kalipentala wopuma ntchito, munthu amene mawu akuti "sindikudziwa" ankamuwawa ngati dzino.

Lachinayi lina kunabwera Henrike, mayi wachitsikana amene anali atangosamukira kuno kuchokera kutauni ndi kamwana kake Tilda. Analowa akukoka thabwa lalitali ngati munthu, lakuda, mbali ina likufumbutuka. Anati walizula m'matope m'mbali mwa mtsinje madzi atasefukira.

A Korbinian sanadzuke n'komwe pampando. Anangoliponyera diso n'kulengeza kuti linali loyalapo buledi asanalowe mu uvuni, nyumba iliyonse kale inali nalo.

"Inu achimwene," anatero Wastl akupukuta tambula, "tsiku lina mudzatiuza kuti fosholo ndi supuni ya chimphona, ife n'kuwomba m'manja."

Anthu anafa nacho chiseko. Pofuna kutseka pakamwa pa Wastl, a Korbinian analitembenuza thabwalo kuti aonetse zipsera za ufa. Zala zawo zinakhudza zina. Pansi pa matope panali timitanda titatu tosema ndi mpeni.

Anakumbukira zimene anamva ali mwana. Kale munthu akamwalira ankamugoneka pathabwa lotere podikira bokosi. Maliro akatha, thabwalo ankakalisiya kumtsinje, ndipo mzimu wa malemuyo sunkapuma mpaka litawola lonse. N'chifukwa chake ankasankha mtengo wofewa, kuti munthu asadikire nthawi yaitali.

Maso onse anali pa iwo, Wastl akumwetulira. A Korbinian anaphimba timitandato ndi chikhatho.

"La buledi," anabwereza.

Henrike anakondwa. Anawapempha kuti amukonzere likhale benchi yapafupi ndi mbaula, poti Tilda azigonapo masana. Apa mpata wobweza mawu unalipo, koma manyazi anapha Lambe. Analitenga, analiumitsa, anadula mbali yowola ija, timitanda n'kutisiya kunsi kosaoneka. Kenako analimwetsa mafuta mpaka linakhuta, n'kulipaka vanishi wa maboti. M'mudzi muno aliyense amadziwa kuti chimene a Korbinian apaka sichiwola.

Patapita masabata angapo anakumana ndi Henrike kugolosale. Tilda anali atafooka, akutsokomola. Mayi ake anadandaula kuti mwanayo amadzuka pabenchi paja mbali imodzi ya zovala itanyowa, chonsecho mbaula ikuyaka.

"Ndi agogo aja," anatero Tilda. "Amati ndisendere, malowo ndi awo."

Henrike anaseka, nati ana ali ndi nkhani. A Korbinian nawo anaseka. Anafika kunyumba ataiwala zimene anakagula.

Usiku umenewo kunagwa chifunga. Anagona, koma tulo ayi. Pakati pa usiku anamva kukwecha. Kwee. Kwee. Kenako zii.

Anati ndi khoswe. Kukwecha kunayambanso, pang'onopang'ono, moleza mtima. Khoswe sakwecha choncho. Phokosolo linkachokera m'shedi yawo yopalira matabwa, imene anaikhoma okha madzulo.

Anavala jekete, natenga tochi. Loko anali wokhoma bwinobwino. Koma pansi pa chitseko pankatuluka madzi, ndipo fungo linali la matope a kumtsinje.

Anatsegula.

Patebulo pamene anapakira vanishi panaima gogo wamfupi, wovala zakuda, wopanda nsapato. Anali atawafulatira. Madzi ankadontha kumpendero wa diresi yake. Ankakanda ndi zikhadabo madontho a vanishi amene anaumira patebulopo, n'kumayang'ana zala zake, n'kukandanso.

A Korbinian anafuna kufunsa kuti ndinu ndani. Koma pansi pa mtima ankadziwa kuti funsolo likanakhala bodza lina.

"Panatsala dzinja limodzi lokha, mwanangu," anatero gogoyo osatembenuka. Mawu ake sanali aukali. Anali a munthu wotopa. "Limodzi lokha."

"Pepani, mayi," ananong'ona a Korbinian.

"Ndatopa kuimirira. Mwana uja akapanda kusendera, tigona limodzi."

Tochi inathima. Itayakanso, m'shedimo munalibe munthu. Panali mapazi onyowa okha, aang'ono, olunjika kukhomo. Panja anapitirira pamiyala ya msewu, kulowera kumtunda kwa Henrike.

A Korbinian anali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi awiri ndi bondo lovuta, koma usiku umenewo anathamanga. Mapazi aja anali patsogolo pawo njira yonse. Anathera pakhomo pa Henrike.

Anamenya chitseko ndi zibakera. Henrike anatsegula ali ndi mantha, nati mwana watentha thupi, wamugoneka pabenchi kuti amve kufunda kwa mbaula. A Korbinian anamudutsa osapempha. Tilda anali atadzipanikiza kumphepete kwenikweni kwa benchi, milomo itachita bii. Mbali inayo bulangeti linali lonyowa, litabonyoka ngati pagona munthu.

Ananyamula mwanayo n'kumupereka kwa mayi ake. Tsopano anali wozizira ngati mwala.

"Si la buledi," anatero, misozi ikutsika. "Ndinadziwa tsiku lomwe lija. Ndinakunamizani, mayi."

Anasenza benchiyo natuluka nayo. Amati inkalemera kuposa mmene thabwa limalemerera.

M'bandakucha Wastl akupita kukatenga mkaka anawapeza kumtsinje, madzi ali m'mawondo, akupala thabwa ndi mpeni. Zala zinali magazi okhaokha. Vanishi anali atachoka, koma mafuta anali atalowa mpaka mkati. Akalithira madzi, madziwo ankangoyenderera osalowa. Wastl, munthu wosasowa chonena, tsiku limenelo anangovula chipewa.

Tilda anachira sabata yomweyo. Henrike sawapatsanso moni a Korbinian, ndipo iwo amati mayiyo akuchita bwino.

Ena anati bwanji osangoliwotcha. A Zenta, amene amakonza maluwa kutchalitchi, anawanong'oneza kuti thabwa lotere siliwotchedwa kapena kuwazidwa, liyenera kuwola lokha. Lili pomwepo m'matope mpaka lero, lolimba ngati lapalidwa dzulo. A Zenta amati lidzaona maliro a tonsefe. Funso limene anthu amafunsana motsitsa mawu ndi lakuti, nanga podikirapo gogoyo akugona kuti.

Lachinayi a Korbinian sabweranso kubala. Mwezi watha Wastl anakawazonda m'mawa, nawapeza akuwodzera pampando wa kukhitchini, atafunda jekete. Chitseko cha kuchipinda chinali chotseka, ndipo pansi pake pankatuluka timadzi. Anawafunsa chimene munthu wa bondo lovuta akugonera pampando bedi ali nalo.

A Korbinian anayang'ana chitsekocho, natsitsa mawu ngati oopa kudzutsa munthu.

"Ndinasendera," anatero.